Maliro a Chitsime cha ku Khalachete

Mu ufumu wa Zilibwino munalibe chinthu chimene chinkayamba kugwira ntchito Mfumu isanachidulire riboni. Mfumu Yaikulu Gwirizeni Wachiwiri inali ndi sizasi yagolide imene inkayenda m'galimoto yakeyake, patsogolo pa magalimoto a Mfumu ndi mfumukazi. Inatsegulirapo milatho, zimbudzi za pamsika, ngakhale chulu china chimene anthu anachisalaza kuti ana azisewererapo mpira. Lamulo la dzikolo linali lomveka bwino: chimene Mfumu yatsegula, palibe munthu angachitseke. N'chifukwa chake sukulu ina ya kumpoto inali ikadali yotsegula, ngakhale kuti denga, aphunzitsi ndi ana anachokapo kalekale.

Nyumba yachifumu inali paphiri lotchedwa Pamwamba. M'munsi mwake munali fakitale yofufuta zikopa ya Tadyatonse, ndipo m'munsi mwa fakitaleyo munali mudzi wa Khalachete, kumene kunkakhala anthu ogwira ntchito pafakitalepo pamodzi ndi amasiye awo. Kuseri kwa fakitale kunali dziwe lotayiramo madzi otsukira zikopa. Pamapu a boma dziwelo linalembedwa kuti Nyanja ya Chitukuko, koma ntchentche zinkalilambalala.

Mwini fakitaleyo anali a Filimoni Kamtedza, mlamu wa Mfumu. A Kamtedza omwewo analinso Nduna ya Madzi ndi Zapansi pa Nthaka. Ena ankang'ung'udza kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma a Kamtedza ankati kutero kumachepetsa maulendo. Akafuna kuyendera fakitale ngati nduna ankangodzilandira okha pageti, n'kudzifunsa mafunso okhwima, n'kukhutira ndi mayankho ake.

Madzi a m'zitsime za ku Khalachete anasintha pang'onopang'ono. Poyamba ankangonunkha lamba watsopano. Kenaka anayamba kuchita chikasu, sopo osachitanso thovu, ana n'kumakanda miyendo mpaka kutuluka magazi. Boma linafotokoza kuti madziwo ndi onona kuposa a kwina, ndipo anthu a ku Khalachete ayenera kuthokoza, pakuti anzawo amachita kugula masamba a tiyi kuti madzi awo asinthe mtundu.

M'mudzimo munali mayi wina wogulitsa thobwa pamsika wa Manong'onong'o, dzina lake Nangondo. Anali wamfupi, wa mawu okhuthala, ndipo akanena nthabwala iye sankaseka nawo. Amuna ake, a Sitefano, anatsuka zikopa mpaka impso zinawakana, ndipo anaikidwa dzinja lapitalo. Pamaliro awo sipanabwere nduna ngakhale kapitawo. Anabwera anthu a m'mudzimo basi, aliyense n'kumwa chikho chake cha thobwa, pakuti ku Zilibwino thobwa la pamaliro salikana. Wolikana anthu amamuyang'ana kawiri, chifukwa amati ameneyo akudziwa chimene chadya malemu.

Tsopano mwana wake mmodzi yekhayo, Ndaziona, anali ndi pathupi. Nangondo analumbira pamanda a amuna ake kuti mdzukulu wakeyo sadzasamba madzi a zikopa. Madzi akumwa a Ndaziona ndi ophikira thobwa ankakawatunga ku kasupe wa kutsidya kwa mtsinje, ulendo wonyamuka tambala atangolira n'kubwerako dzuwa likuswa mtengo. Koma khanda silifuna ndowa imodzi. Limafuna osamba, ochapira matewera, lero ndi mawa, ndipo msana wa Nangondo unali utayamba kale kudandaula. Anali ndi mantha, ndipo mimba ya Ndaziona ikamakula manthawo ankakula nawo.

Thandizo linabwera kuchokera kumene palibe ankayembekeza. Amalonda a kunja ogula zikopa za Tadyatonse ananena kuti sagulanso ngakhale chikopa cha mbuzi pokhapokha pakumbidwe zitsime zoyezera madzi a pansi kuzungulira fakitale. A Kamtedza anaitengera nkhaniyo ku Bwalo la Nduna nkhope ili yakugwa.

"Wawa Mfumu, anthu awa ndi amwano," anatero. "Akufuna tibowole nthaka ya makolo athu kuti asuzumiremo."

Mfumu, imene inali itayamba kuwodzera, inatsegula diso limodzi. "Zitsime mwati, alamu? Chilichonse chidzakhala ndi riboni yake?"

"Chilichonse, Mfumu."

"Kumbani."

Ntchitoyo inapatsidwa kwa a Bizaliyele, bambo wamimba yaikulu amene anali ndi lole yokumbira mijigo ndi pakamwa posatopa. A Bizaliyele sankakonda boma, sankadananso nalo. Ankakonda lole yawo. Zitsime zambiri a Kamtedza anaonetsetsa kuti zikumbidwe kumtunda kwa fakitale, kumene madzi a m'dziwe sakanafika ngakhale atafuna. Koma amalonda aja anaumirira kuti china chikumbidwe kumunsi, ndipo malo amene analoza anali pabwalo pa nyumba ya Nangondo, pakati pa khola la nkhuku ndi chitsime chake chakale.

Lole itafika, mudzi wonse unasonkhana. Amayi analulutira, ena anathamangira kukatsuka ndowa. Nangondo anapatsa a Bizaliyele chikho cha thobwa n'kuwafunsa kuti mkono wa mjigowo abwera nawo liti.

"Mkono wa chiyani, mayi?" anatero a Bizaliyele akupukuta pakamwa. "Ichi si chakumwa ayi. Ichi n'chofunsira. Mwaona paipi iyi? Kumunsi kwake kuli timing'alu toti madzi azilowera. Ndithira mchenga kuzungulira timing'aluto, pamwamba pake dongo lofufuma lotsekera, pakhosi simenti, pakamwa chivindikiro chachitsulo ndi loko. Akafuna kudziwa, abwera ndi kabotolo ka chingwe, atunge, apite nako kokayeza."

"Ndiye chitsime chimenechi ntchito yake n'kunena ngati madzi athu ali oipa?"

"Basi."

"Akanandifunsa ine," anatero Nangondo. "Ine sindifuna lole."

Tsiku lotsegulira linali lachisangalalo kwa aliyense kupatula anthu a ndowa. Kunagawidwa nsalu za nkhope ya Mfumu ikumwa madzi. Gulu la apolisi oimba linaimba. Mfumu inadula riboni, n'kupatsa chitsimecho dzina lakuti Umodzi, n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo ludzu lathetsedwa ku Khalachete. Inafufuza pogwira kuti ipope, osapapeza, ndipo inangosisita chivindikiro chija n'kumwa madzi a m'botolo amene anachokera ku Pamwamba. Amayi anabwerera ndi ndowa zawo zouma.

Mawa lake kumsika wa Manong'onong'o nkhani inali yomweyo.

"Anzathu a Nangondo atukuka," anatero wogulitsa usipa. "Ali ndi mjigo wa loko."

"Madzi ake ndi osunga," anayankha wosoka nsapato. "Adzamwa adzukulu a adzukulu athu."

"Komatu n'chitsime chaulemu," anatero Nangondo akuvundula thobwa. "Chikhalireni pakhomo panga sichinandinyowetsepo."

Patapita nthawi anabwera anthu a malaya oyera ndi timabotolo tawo ta chingwe. Anatunga m'zitsime zonse n'kupita. Zotsatira zitafika ku Pamwamba, zitsime za kumtunda zinapezeka kuti zikunena zabwino zokhazokha. Umodzi yekha ndiye ananena kuti m'madzi a pansi pa Khalachete muli mankhwala ofufutira zikopa ochuluka moti munthu atagona m'madzimo angadzuke ali chikwama.

Bwalo la Nduna linakhala mwadzidzidzi.

"Wawa Mfumu, nkhaniyi ndi yosavuta," anatero a Kamtedza. "Zitsime zambiri zikuti madzi ali bwino. Chimodzi chokha chikuti ayi. M'dziko lolemekeza ochuluka ngati lino, ndani akunama?"

"Chili ndi ochituma," inatero Nduna ya Chitetezo. "Chimakhala pakhomo pa mayi wa thobwa, ndipo pa thobwa m'pamene pamayambira ziwembu."

Anatumiza wapolisi kukalondera chitsimecho kuti chisakumane ndi anthu. Madzulo ake a Kamtedza analankhula pawailesi ya Uthenga Wokoma. Anati madzi onse a mu Zilibwino, kuyambira ku Pamwamba mpaka ku Khalachete, ndi abwino ngati mkaka wa m'mawere, ndipo wonena zina ndi mdani wa chitukuko. Koma anthu a malaya oyera aja atabweranso, Umodzi anabwereza mawu ake omwe aja, wapolisi ali chiimire pomwepo.

"Chikwiriridwe!" anakalipa a Kamtedza m'Bwalo. "Athiremo zinyalala ndi miyala, tiiwale."

Anaitanitsa a Bizaliyele, amene anafika atavala jekete losamangika mabatani.

"Wawa Mfumu, zinyalala ayi," anatero. "Dzenje langa sindilola kuti alinyoze chotero. Mukalisiya pululu, kapena kungoponyamo miyala, limasanduka msewu. Zoipa zonse za pamwamba zimatsikira mmenemo mpaka ku madzi akuya, kumene kumamwa mjigo wa kunyumba yachifumu. Chitsime chimatsekedwa mwaulemu. Ndimazula paipi, ndimaphika phala la simenti ndi dongo, ndimalipopera ndi paipi yaing'ono kuyambira pansi penipeni kukwera nalo mpaka pakamwa, kuti pasatsale mpata ngakhale wa nyerere."

Mfumu itamva za mjigo wa kunyumba kwake, inakhala tsonga. "Tsekani mwaulemu momwemo."

Apa m'pamene Nduna ya Malamulo inakhosomola. Inakumbutsa Bwalo kuti chitsimecho chinatsegulidwa ndi sizasi yagolide, ndipo chimene Mfumu yatsegula palibe angachitseke. Nduna zinayang'ana kudenga, zina m'zikhadabo. Anakhala mpaka nthawi ya chakudya inapitirira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambire ufumuwo.

Amene anawapulumutsa ndi Nduna ya Miyambo ndi Maphwando, nkhalamba imene inali isanalankhulepo m'Bwalo kwa zaka zambiri. "Wawa Mfumu," inatero pang'onopang'ono, "lamulo likuti sichingatsekedwe. Silikuti sichingamwalire."

Bwalo lonse linaimirira n'kuomba m'manja. Pomwepo analamula kuti chitsime Umodzi chamwalira chitadwala nthenda ya pakamwa, ndipo popeza chinali mwana wa sizasi yachifumu, chidzaikidwa ndi mwambo wonse wa boma, Mfumu ili pomwepo. Pambuyo pake adzamanga chiliza, chimene Mfumu idzachitsegulire mvula isanagwe. Mfumu inakondwa kwambiri, chifukwa riboni inali itapezekanso.

Uthengawo anabwera nawo kumsika ndi mthenga wa yunifolomu. Anaima patsogolo pa Nangondo n'kumuuza kuti, monga mwini bwalo pamene pagona malemu, boma lamusankha kukhala namfedwa wamkulu.

Nangondo anaika chikho pansi. Mkwiyo unamukwera. Chinthu chokhacho chimene chinanenapo zoona za madzi awo ankachitseka pakamwa ndi simenti, mwana wake atatsala pang'ono kuchira, ndipo ankafuna kuti iye alire nawo. Anthu oyandikana naye anayamba kusuntha malonda awo, poganiza kuti mbiya iuluka. Koma mbiya sinauluke. Nangondo anangoyang'ana thobwa lake.

"Achimwene," anatero kenaka, "mwati ndi maliro enieni?"

"Enieni, mayi."

"Siwa, nyimbo, nkhata, mbiri ya malemu? Palibe chodumpha?"

"Mwambo wonse. Mfumu yatero."

"Zikomo. Kauzeni akuluakulu kuti namfedwa walandira. Za thobwa asade nkhawa, ndi ntchito yanga."

Mthenga atachoka, wogulitsa usipa anamuyandikira. "Asisi, mwapenga? Mulirira dzenje?"

"Maliro ndi maliro," anatero Nangondo. "Uwauze amayi onse tikumane kwathu. Aliyense abwere ndi ndowa."

Masiku otsatirawo amayi a ku Khalachete ankaoneka otopa kwambiri, makosi ouma, mapazi otuwa. Wailesi ya Uthenga Wokoma inalengeza kuti chisoni chawagwira.

Tsiku la maliro magalimoto anadzaza kuchokera pageti la fakitale mpaka pakhola la nkhuku la Nangondo. Anamanga tenti, n'kuyala kapeti pafumbi. Mfumu inakhala kutsogolo itavala zakuda, a Kamtedza kudzanja lake lamanja, nduna zina m'mbuyo monga mwa kukula kwa mimba. A Bizaliyele ndi antchito awo ndiwo anali adzukulu. Anatsegula loko, lole n'kuzula paipi yaitali ija, imene anaiyala pamipando n'kuifunditsa mbendera. Kenaka makina anayamba kupopera phala la simenti pansi pa dzenje.

Nduna ya Miyambo inanena mbiri ya malemu. Inati Umodzi anabadwa bwino, anali wofatsa, sanatungidwepo ndi munthu wamba, ndipo akanapita patali akanapanda kugwidwa ndi nthenda yolankhula. Kenaka inakodola amayi kuti alire.

Boma linkayembekeza kulira kwa mwambo, kwa nsalu kumaso ndi maso ouma. Nangondo ndiye anayamba, ndipo dzina limene anaitana silinali la Umodzi. Analira a Sitefano. Mayi wina analira mwana wake amene anatupa miyendo. Wina analira mchimwene wake wotsuka zikopa, wina mapasa ake. Mayina anatuluka ambiri, ndipo misozi inali yeniyeni, ya anthu amene anali asanapatsidwepo mpata wolira pamaso pa akuluakulu. Ngakhale a Bizaliyele anavula chipewa. Mfumu inakhudzidwa kwambiri, n'kunong'oneza mlamu wake kuti sinkadziwa kuti chitsimecho chinali ndi mayina ambiri chonchi.

Simenti itafika pakamwa pa dzenje, a Bizaliyele anaisalaza, nduna n'kuika nkhata. Anthu akuluakulu anayamba kuyang'ana kumagalimoto. Apa amayi anatuluka kuseri kwa nyumba ndi mbiya za thobwa.

Nangondo anagwada patsogolo pa Mfumu ndi chikho chachikulu. Mfumu Gwirizeni inali ndi khalidwe limodzi losowa pakati pa olamulira, lakuti inkakhulupirira zonse zimene boma lake lanena. Inalandira chikhocho, n'kumwa mpaka kuona pansi pake, n'kupempha china. Itamaliza inageya mokhutira, n'kunena kuti thobwa lotere ku Pamwamba kulibe.

Nangondo anayenda ndi maondo mpaka kwa a Kamtedza. "Pepani a Nduna, zovuta zatigwerazi. Nali thobwa la pakhomo pano."

A Kamtedza analandira chikho ndi nsonga za zala. Anayang'ana thobwalo. Anayang'ana chitsime chakale cha Nangondo, chimene chinali pafupi pomwepo, chingwe chake chili chonyowa. Iwo ndi amene anali atawerenga zotsatira za anthu a malaya oyera mpaka kumapeto.

"Mayi," anafunsa ndi mawu otsika, "madzi ake ndi a kuti?"

Nangondo anayankha ndi mawu ake onse okhuthala aja, oti amve ndi a kukhola la nkhuku omwe. "Madzi onse a mu Zilibwino ndi abwino ngati mkaka wa m'mawere, a Nduna. Tinamva pawailesi. Imwani."

A Kamtedza anakweza chikho mpaka pachibwano, n'kuchitsitsa. Anati ali ndi nthenda ya shuga. Nangondo anati lilipo losathira shuga, n'kukodola mtsikana wa mbiya ina. A Kamtedza anati akusala kudya. Nduna ya Chitetezo, imene sinkawakonda, inakumbutsa kuti m'mawa womwewo anadya chiwindi cha mbuzi m'galimoto. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo.

Kumbuyo kwa khamu, wosoka nsapato analankhula ngati akudziyankhulira yekha. "Akukana thobwa la pamaliro."

"Akudziwa chimene chadya malemu," anayankha wogulitsa usipa.

Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anafika pakapeti. Ndipo popeza mayina a malemu amene analiridwa tsikulo anali ambiri, palibe anafunsa kuti akunena malemu ati.

Mfumu inatembenuka. Inayang'ana mlamu wake, inayang'ana zikho ziwiri zopanda kanthu zimene zinali pamapazi pake, kenaka inaika dzanja pamimba.

"Alamu," inatero, "bwanji simukumwa?"

"Wawa Mfumu, kukhosi kwangouma..."

"Kouma ndiko kumafuna thobwa. Ine ndamwa ziwiri. Kodi m'madzi amenewa muli chiyani?"

"Mulibe kanthu, Mfumu."

"Ndiye imwani."

A Kamtedza sanamwe, ndipo sanathe kuika chikhocho pansi. Anangokhala chigwirire, thobwa likudonthera pasuti, mpaka Mfumu inaimirira mwadzidzidzi n'kufunsa kumene kuli galimoto. Kwa nthawi yoyamba mu mbiri ya ufumuwo, galimoto ya Mfumu inanyamuka patsogolo pa ya sizasi.

Ku Pamwamba Mfumu inagona chagada kwa masiku angapo ikumvetsera m'mimba mwake. M'mimba mukangolira, madokotala onse ankathamanga. Inkadziyang'ana miyendo ngati yatupa, inkanunkhiza mkono wake ngati wayamba kumveka lamba. Madokotala sanapeze kanthu, koma zimenezo zinangoiwonjezera mantha.

Choopsa kwambiri chinali chakuti chiliza chinali chitalengezedwa kale, nsalu zake zitasindikizidwa, ndipo mawu a Mfumu sabwerera m'kamwa. Potsegulira chiliza pamakhalanso thobwa, wophika wake ndi namfedwa yemweyo, ndipo salikana. Bwalo linaganiza zoletsa thobwa m'dziko lonse, koma Nduna ya Miyambo inati zikatero akufa akwiya. Linaganiza zotumiza madzi a m'mabotolo, koma Nduna ya Chitetezo inafunsa kuti ndani adzakhale kukhitchini kwa mayi uja kuona ngati wawathiradi m'mbiya.

"Njira ndi imodzi," inatero Mfumu ili chigonere. "Mayi ameneyo asakhalenso ndi chifukwa chogwirira chingwe cha chitsime. Paipi ya madzi a kuno itsike mpaka pakhomo pake. Ndipo popeza amayi ophika naye ndi ambiri, ipitirire mpaka kumapeto kwa mudzi. Sindikufuna ndowa yachilendo pafupi ndi mbiya."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngalande imene anthu a ku Khalachete anaipempha kuyambira nthawi ya Gwirizeni Woyamba inakumbidwa mothamanga, nduna zikuyang'anira zokha padzuwa. A Kamtedza analangidwa koopsa powachotsa ku Unduna wa Madzi n'kuwapatsa wa Zaumoyo. Fakitale inapitiriza kutaya madzi ake mu Nyanja ya Chitukuko, ndipo popeza Umodzi anali atagona, panalibenso wonena kumene madziwo akulowera pansi pa nthaka. Amalonda a kunja anauzidwa kuti chitsime chija chinamwalira mwamtendere. Midzi ina itamva za Khalachete, inayamba kutumiza nthumwi kwa a Bizaliyele kupempha kuti awakumbire chitsime chodwaladwala.

Mfumu inabwera kudzatsegulira chiliza, ndipo inatseguliranso mpope, maliboni awiri tsiku limodzi. Inamwa thobwa itaonetsetsa kuti chitsime chakale cha Nangondo a Bizaliyele achithiranso phala lawo.

Ndaziona anachira mvula yoyamba itangogwa, mwana wamkazi. Atatuluka m'chikuta, Nangondo anatunga madzi pampope, anawafunditsa, n'kuika beseni pamwamba pa chiliza, pakuti ndi pokhapo pabwalo lonse pamene panali simenti yosalala. Pamwalapo panalembedwa kuti: Pano pagona Umodzi, anadwala pakamwa.

A Bizaliyele, amene anali atazolowera thobwa la pakhomopo, anakhala pampando chikho chili m'manja, akuonerera.

"Mayi, ndifunseko," anatero. "Tsiku lija nanenso ndinamwa zikho zingapo, ndipo mpaka lero ndimadziyang'ana miyendo. Madzi aja analidi a m'chitsime chanu chija?"

"Mukundiyesa ndani, bambo?" anatero Nangondo osatembenuka. "Thobwa langa sindiphikira madzi oipa, ngakhale womwa atakhala nduna. Onse aja anali a kukasupe. Mudzi wonse tinawasenza mpaka makosi kuuma."

"Nanga chingwe chonyowa chija?"

"Chingwe ndinachapa. Kunali kubwera alendo."

A Bizaliyele anaseka mpaka thobwa linawatsamwa. Nangondo sanaseke nawo. Anayesa madzi ndi chigongono, n'kulandira khanda m'manja mwa Ndaziona, n'kulitsitsira m'beseni pang'onopang'ono. Madziwo anali oyera moti tizala ta kumapazi tinkaoneka tonse. Sopo anachita thovu. Mwanayo anakuwa, ndipo Nangondo anamva chimwemwe chimene chinamupweteka pachifuwa, chifukwa munthu amene analumbira pamanda pake sanalipo kuti aone.

"Lira, mayi wanga, lira," anatero akumuthira madzi kumsana. "Agogo ako aamuna anangolakwa kubadwa munthu. Akanabadwa dzenje, Mfumu ikanabwera pamaliro awo."